Malemu achimwene anandilemba mu wilo kuti ndiyendetse chuma chawo: ndiyambire pati?

Achisale, Chirimba

Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu lino. Achimwene anga aakulu anatisiya mwezi wathawu, ndipo mwambo wa maliro utatha, abusa a mpingo wawo anatiitana ndi kutipatsa envelopu yomata imene malemuwo anawasungitsa. M'katimo munali wilo yotayipidwa bwino, yosainidwa ndi iwo eni pamodzi ndi mboni ziwiri. Wiloyo ikutchula ine kuti ndikhale woyendetsa chuma chawo, ndipo ikunenanso kuti ine ndi alamu anga, amene ndi mayi a ana, tisunge gawo la ana awiri aang'ono kufikira aliyense atakwanitsa zaka 21. Chuma chimene asiya ndi nyumba imene banjali likukhalamo, nyumba ina ya lendi, minibasi imodzi, ndalama za ku banki ndi penshoni ya kuntchito, koma palinso ngongole imene anatenga ku SACCO ya kuntchito kwawo.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi chakuti atsibweni athu akufuna kuti minibasi ipite kumudzi sabata ya mawa, ponena kuti mwambo wa kusudzula usanachitike, akuchimuna ayenera kuona chimene chatsala m'manja mwawo. Ine sindifuna kudana ndi abale anga, komanso sindifuna kulakwira ana amasiyewa. Ndikupempha amene munadutsamo, kapena amene mumadziwa malamulo, mundiunikire.

Kalaliki wopuma wa kukhoti, Zomba

Pepani kwambiri ndi zovutazi, a Chisale. Choyamba chimene muyenera kuchigwiritsa ndi ichi: kutchulidwa mu wilo sikukupatsani umwini wa chinthu chilichonse. Muli ngati mbusa wa ng'ombe za eni, amene amayenera kuziwerenga pozilandira, kuzisamala, ndi kuzipereka zonse kwa eni ake zili zokwana. Pa chifukwa chimenechi, simungapereke minibasi kwa atsibweni anu ngakhale mutafuna, pakuti si yanu.

Lamulo limene likugwira ntchito pa nkhani zotere ndi Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la chaka cha 2011. Ntchito yanu iyambe ndi chikalata cha imfa chochokera ku National Registration Bureau, chifukwa banki, kuntchito ndi khoti onse adzachifuna. Mukatero mutengere wilo yeniyeniyo, osati fotokope, ku bwalo lalikulu la milandu kukapempha chikalata chotchedwa probate, chimene chimatsimikiza kuti wiloyo ndi yoona ndiponso kuti inu muli ndi mphamvu zosonkhanitsa ndi kugawa chumacho. Pakanakhala kuti malemu sanasiye wilo, chikalata chimene chikanafunika ndi letters of administration. Musachotse mawaya omangira mapepala a wiloyo, musalembepo kanthu, ndipo musaipinde mwachisawawa, popeza kachibowo kakang'ono pa pepala kamachititsa khoti kufunsa ngati panali tsamba lina limene lachotsedwa. Padzafunikanso kulemba mtengo wa chuma chonse chifukwa cha msonkho wa chuma cha masiye, ndipo pamene pali nyumba, pamafunika katswiri woyeza mtengo wa nyumba.

Dongosolo la kagawidwe nalo lili ndi mndandanda wake. Zoyamba kulipiridwa ndi zimene zinawonongedwa pa maliro ndi zoyendetsera nkhaniyi, kenako ngongole za malemu, ndipo zotsalazo ndi zimene zimagawidwa monga wilo yanenera. N'chifukwa chake mumaona zidziwitso mu The Nation ndi The Daily Times zoitana onse amene malemu anali nawo ngongole kuti abwere ndi umboni pasanathe masiku otchulidwa. Mukagawa chuma ngongole ya ku SACCO isanabwezedwe, eni ngongoleyo angathe kukugwirani inuyo kuti mulipire za m'thumba mwanu. Komabe mukafunse ku SACCO ngati ngongoleyo inali ndi inshulansi, pakuti ngongole zambiri za mtundu umenewu zimathetsedwa ndi inshulansi wobwereka akamwalira.

Nabanda, Area 25

Ine ndine mayi wamasiye, ndipo ndikupempha a Chisale kuti asadikire mapepala a kukhoti kuti ayambe kuteteza katundu. Katundu wambiri amasowa m'masiku a maliro enieniwo, anthu ali pa chisiwa. Kwathu kuno, pamene ife tinali kulira m'nyumba, wina anatulutsa mashini osokera kudzera pa khomo la kuseri, ndipo foni ya malemu amuna anga, mmene munali ndalama za bizinesi, sinaonekenso. Khalani pansi ndi alamu anu pamodzi ndi mboni ya mbali zonse ziwiri za banja, mulembe chilichonse m'kope limodzi, mujambule zithunzi, ndipo onse asaine. Makiyi a minibasi, blue book yake, mapepala a nyumba, makhadi a ku banki ndi simu khadi ya malemu zikhale pamalo amodzi okhomedwa. Mudziwitsenso banki za imfayi kuti akaunti itsekedwe, ndipo pasapezeke munthu wokatapa ndalama ndi khadi la malemu ngakhale akudziwa nambala yachinsinsi.

Ndionjezere kuti si chilichonse chili m'nyumbamo chimene chili chuma cha masiye. Zimene alamu anu anagula ndi ndalama zawo ndi zawo, ndipo ngati nyumbayo anamangira limodzi, nawonso ali ndi gawo lawo limene malemu sakanatha kuligawa mu wilo.

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Ndawerenga zonsezi ndipo sindikutsutsa lamulo, koma ndikuona kuti tikuwaweruza atsibweniwo tisanawamve. Kwa ife Achewa, mtsibweni ndiye mwinimbumba, ndipo mwina ndi iyeyo amene anagulitsa fodya kapena mbuzi kuti malemuwo aphunzire. Munthu wotere akamafunsa za minibasi, nthawi zina sakhala wadyera, koma akuganiza za mlongo wake wokalamba, mayi a malemu, amene ankalandira feteleza ndi ndalama ya sopo kuchokera kwa mwana wawoyo chaka ndi chaka. Kodi mayi amenewo adya chiyani tsopano? A Chisale, musawayankhe atsibweni anu ndi ndime za malamulo ngati mukulankhula ndi mlendo. Aitaneni ankhoswe a mbali zonse, wiloyo iwerengedwe pamaso pa onse m'Chichewa, ndipo aliyense amve yekha zimene mwana wawo anafuna.

Kalaliki wopuma wa kukhoti, Zomba

Aphunzitsi anena zoona pa nkhani ya ulemu, ndipo kuwerenga wilo pamaso pa banja lonse kumachotsa kukayikirana kwambiri. Ndingofotokoza kumene maganizo a atsibweniwo achokera. Lamulo lakale, Wills and Inheritance Act la 1967, linkapereka gawo la chuma kwa olowa m'malo a mwambo munthu akamwalira wopanda wilo, ndipo akuluakulu ambiri anakula akuona zimenezo zikuchitika ku ofesi ya DC. Lamulo la 2011 linasintha zimenezi: pamene palibe wilo, chuma chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi anthu amene ankadalira malemu, ndipo makolo okalamba amene ankathandizidwa amaganiziridwa pamenepo. Katundu wa m'nyumba amatsala ndi namfedwa. Lamulo lomwelo linakhwimitsa chilango cha kulanda chuma cha masiye, moti wopezeka wolakwa angathe kulipitsidwa chindapusa ndi kukhala kundende zaka 10.

Pa nkhani ya mayi okalambawo, ngati wilo inawapatsa kanthu, a Chisale ayenera kuwapatsa ndendende chimenecho. Ngati sinawatchule, akuluakulu amene alandira gawo lawo angathe kuwagawirako mwa kufuna kwawo, ndipo chimenecho ndi chinthu chabwino. Chimene sichiloledwa ndi kutapa pa gawo la ana aang'ono, popeza ana sangavomereze kupereka chuma chawo, ndipo woyendetsa chuma alibe mphamvu zochitira chifundo ndi ndalama za eni.

Mayi a ku ofesi yoona za antchito, Lilongwe

Ndithandizepo pa penshoni, chifukwa anthu ambiri amaisakaniza ndi wilo. Ndalama za penshoni zimayendetsedwa ndi lamulo lake, Pension Act, ndipo zimakhala m'manja mwa matrasti, anthu oikidwa kuti azisunga ndi kuyendetsa thumba la penshonilo m'malo mwa eni ake. Wantchito akamwalira, matrastiwo amayang'ana fomu imene iye analembapo mayina a olandira ndi magawo awo. Ngati fomuyo palibe, kapena ili ndi vuto, matrastiwo ndi amene amafufuza za banja ndi kugamula kagawidwe. Choncho a Chisale asawerengere penshoni pa ndalama zobwezera ngongole kapena zogawa monga mwa wilo. Ntchito yawo pamenepa ndi kuthandiza alamu awo kupereka chikalata cha imfa, ziphaso za unzika, ndi zikalata za kubadwa kwa ana. Afunsenso ngati kuntchitoko kunali inshulansi ya moyo ya gulu, malipiro a mwezi womaliza, ndi ndalama za masiku a tchuthi amene malemu sanapume.

Chimene chimandimvetsa chisoni pa ntchito yanga ndi kupeza fomu imene munthu anaidzaza ali mnyamata, pali dzina la mayi ake okha amene anamwalira kalekale, pamene iye wasiya mkazi ndi ana anayi. Nonse amene muli pantchito, kafunseni fomu yanu muione.

Achisale, Chirimba

Zikomo kwambiri nonse. Ndalemba kale katundu yense m'kope pamodzi ndi alamu anga ndi mkulu wa mpingo. Pali nkhani ina imene ndinaisiya poyamba chifukwa ndi yovuta kuikamba. Achimwene anali ndi mwana wamkazi amene anabereka asanakwatire, ndipo pano ali Fomu 3. Banja lonse limamudziwa, malemu ankamulipirira fizi, koma mu wilo mulibe dzina lake. Mayi ake anabwera pa maliro ndipo sanalankhule kanthu. Alamu anga akuti zimene zalembedwa zalembedwa. Ine mtima ukundipweteka ndikaganiza kuti mwanayu asiya sukulu teremu ikubwerayi.

Wophunzira za malamulo, University of Malawi

Bambo Chisale, nkhani imeneyi lamulo linaiganizira. Ndime 23 ya Malamulo Aakulu a dziko lino imanena kuti ana onse ayenera kuonedwa mofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene anabadwira. Lamulo la 2011 nalo limalola khoti kupereka gawo loyenera kwa mkazi, mwamuna kapena mwana amene wilo yamusiya wopanda chithandizo chokwanira. Izi zikutanthauza kuti mtsikanayo, kudzera mwa mayi ake, angathe kukapempha khoti kuti limuganizire. Inuyo simungasinthe wilo panokha ndi kumuikamo, koma simuyeneranso kubisa kuti mwanayo alipo kapena kuthamangira kugawa chuma ndi cholinga chakuti akadzabwera adzapeze zonse zatha. Mayi akewo auzeni zoona, ndipo ngati alibe ndalama za loya, apite ku Legal Aid Bureau mosachedwa. Njira yofatsa ndi yakuti mbali zonse zigwirizane za gawo la mtsikanayo, mgwirizanowo ulembedwe, ndipo khoti liuvomereze, popeza ukukhudza gawo la ana ena amene sanafike msinkhu wodzilankhulira.

Nabanda, Area 25

Ndikuwamvetsa alamu anuwo, pakuti mtima wa mayi wamasiye umakhala ndi mantha pa tambala iliyonse. Koma muwauze mofatsa kuti mlandu wa kukhoti ungathe kudya ndalama zambiri kuposa fizi ya mwanayo, ndipo nthawi yonse imene mlandu uli m'kati, ana awo omwe sadzalandira kanthu.

Akauntanti, Mzuzu

Onse akamba za ntchito yoyendetsa chuma, imene imatha m'miyezi ingapo kapena chaka, koma ine ndikuona kuti katundu wolemera kwambiri amene a Chisale asenza ndi wa utrasti, kutanthauza kusunga gawo la ana kufikira atakwanitsa zaka 21. Ngati mwana wamng'ono ali ndi zaka 7, ndiye kuti mudzasunga chuma chake zaka 14, ndipo pa mapeto pake adzakhala ndi ufulu wokufunsani kumene kwacha iliyonse inapita.

Mutsegule akaunti yapadera ya ana, yosaina anthu awiri, inu ndi mayi awo. Lendi ya nyumba izilowa mu akaunti imeneyo mwachindunji, osadutsa m'thumba mwanu kapena pa foni yanu. Fizi izilipiridwa ku akaunti ya sukulu, ndipo malisiti a yunifolomu, mabuku, chipatala, kukonza denga ndi msonkho wa nyumba ku khonsolo azisungidwa mu fayilo imodzi. Musadzibwereke ndalama za ana ngakhale mutakhala ndi chikhulupiriro chonse kuti mubweza pakutha pa mwezi, musabwereketse wachibale, ndipo musagule nokha minibasi kapena nyumbayo, ngakhale pa mtengo wooneka wabwino, chifukwa trasti saloledwa kukhala wogulitsa ndi wogula nthawi imodzi. Kamodzi pa chaka muzilemba zolowa ndi zotuluka pa tsamba limodzi ndi kuonetsa ankhoswe a mbali zonse.

Palinso mdani wina amene saoneka ndi maso. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Trasti amene anagulitsa nyumba ya ana zaka zisanu zapitazo ndi kungosiya ndalamazo mu akaunti wamba, lero sangagule nazo ngakhale puloti m'dera lomwelo, chonsecho sanabe tambala ndi imodzi yomwe. Maganizo anga ndi akuti nyumba ya lendi isagulitsidwe pokhapokha ngongole zitakakamiza. Ndalama zimene sizifunika msanga zingathe kuikidwa pamene zimabala phindu, monga ma treasury bill a boma (kubwereketsa boma ndalama kwa nthawi yochepa kuti lidzabweze ndi phindu) kapena akaunti ya nthawi yoikika, koma muyambe mwaona mphamvu zimene wilo ikukupatsani ndi zimene Trustee Act imalola, ndipo mupemphe uphungu wolembedwa kwa munthu wovomerezeka. Ndalama za ana amasiye si zoyesera bizinesi ya kaunjika kapena kuika ku banki mkhonde.

Nabanda, Area 25

Zonsezo ndi zanzeru, koma ndikufuna ndiikepo mbali ya mayi. Ndinaona mnzanga wina akuyenda maulendo kupita ku ofesi ya mlamu wake kukapempha ndalama ya nsapato za mwana, akudikira pa benchi ngati wopemphetsa, pamene ndalamazo zinali za ana ake omwe. Mlamuyo sankaba, ankangosunga mopitirira muyeso, ndipo anawo anakula akudziwa kuti chuma cha bambo awo chilipo koma iwo akugona ndi njala. A Chisale, mugwirizane ndi alamu anu za ndalama yokhazikika ya mwezi ndi mwezi ya chakudya ndi zofunika za ana, izipita yokha pa tsiku lodziwika. Kumbukirani kuti wilo yawaika iwo kukhala trasti mnzanu, osati wolandira thandizo kwa inu.

Akauntanti, Mzuzu

Ndikugwirizana nanu, mayi, ndipo ndalama yokhazikikayo iziunikidwanso chaka chilichonse molingana ndi kukwera kwa mitengo. Chuma cha trasti chinaikidwa kuti chilere ana lero komanso kuti chiwatsalire mawa, ndipo mbali zonse ziwirizi ndi udindo wa matrasti.

Mbale wa ku Johannesburg

Ndifunse ngati malemu anali ndi chilichonse kunja kwa dziko, chifukwa ambiri a ife kuno tili ndi akaunti ndi magalimoto amene abale kumudzi sawadziwa. Kuno ku South Africa chuma cha womwalira chimalembetsedwa ku ofesi ya Master of the High Court, ndipo banki ya kuno sipereka ndalama pongoona chikalata cha khoti la ku Malawi popanda kudutsa ku ofesi imeneyo. Amene tili kunja tizilemba pa pepala zonse zimene tili nazo mbali zonse ziwiri ndi kumusungitsa munthu amene tamutchula mu wilo.

Mkulu wa mpingo, Mulanje

Ndaona mabanja ambiri akupasuka chifukwa cha udindo umenewu, choncho ndinene chinthu chimene palibe wachitchula. Munthu sakakamizidwa kuvomera kukhala woyendetsa chuma. Ngati a Chisale akuona kuti sangathe kuima pakati pa atsibweni awo ndi alamu awo, angathe kukana mwa kulemba asanayambe kugwira chumacho, ndipo khoti lingapereke mphamvuzo kwa munthu wina woyenera. Iliponso ofesi ya Administrator General pansi pa unduna wa za chilungamo, imene ntchito yake ndi kuyendetsa chuma cha masiye, ndipo m'maboma a DC amathandiza pa chuma chochepa. Sindikuwalimbikitsa kuthawa, chifukwa mkulu wawo anawasankha powadziwa mtima, koma asankhe akudziwa kuti khomo limenelo lilipo, ndiponso kuti akayamba kutolera lendi ndi kugulitsa katundu, kubwerera m'mbuyo kumakhala kovuta. Ngati ena ayamba kuopseza namfedwa kapena kunyamula katundu mwa mphamvu, ku polisi kuli nthambi ya Victim Support Unit imene imalandira madandaulo otere.

Kwa amene mukuganiza zolemba wilo yanu, mufunseni kaye munthu amene mukufuna kumutchula, mutchulenso wachiwiri woti adzalowe m'malo woyambayo akadzakana kapena kumwalira, ndipo mboni zanu ziwiri zisakhale anthu amene mwawapatsa kanthu mu wiloyo.

Achisale, Chirimba

Udindowu ndiuvomera. Funso langa lotsala ndi la minibasi. Dalaivala akufuna kupitiriza kuyenda ndi kumabweretsa ndalama ya tsiku, pamene alamu anga akuopa ngozi. Kodi tiiimike kufikira probate itatuluka?

Kalaliki wopuma wa kukhoti, Zomba

Yambani mwapita ku kampani ya inshulansi ndi chikalata cha imfa, muwafunse ngati chitetezo cha galimotoyo chikugwirabe ntchito mwini wake atamwalira, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa. Muonenso masiku a COF (chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu) ndi chilolezo chonyamulira anthu. Ngati chimodzi mwa zimenezi chili chokayikitsa, minibasiyo iime pamalo otetezeka, chifukwa ikachita ngozi yopanda inshulansi, ovulala adzafuna chipukuta misozi kuchokera ku chuma chomwechi, ndipo nyumba za ana zingathe kuthera pamenepo. Ngati zonse zili bwino ndipo wilo ikukulolani kupitiriza bizinesi, dalaivala asaine mgwirizano watsopano ndi inu monga woyendetsa chuma, ndalama ya tsiku izilembedwa m'kope ndi kusungidwa payokha kufikira mutatsegula akaunti ya chuma cha masiye, ndipo mafuta, matayala ndi makaniko zikhale ndi malisiti. Kusintha dzina pa blue book ku Road Traffic kudikire probate. Minibasi imatsika mtengo mwezi uliwonse, iziyenda kapena itaima, choncho mukambirane ndi loya msanga ngati kuigulitsa kuti mubweze ngongole ya ku SACCO sikungateteze nyumba ya lendi ija.